Momwe ndinasankhira otsuka masofa ndi makapeti kuno ku Nchalo

Sofa wa nsalu kuno kuchigwa amaona zakuda. Mvula ikangosiya fumbi limayamba, pamwamba pake phulusa la nzimbe akamatentha minda asanadule, kenako thukuta la mu Okutobala pomwe kutentha kumapyola madigiri 40. Ine ndimayang'anira kanyumba kogona alendo, ndiye mipando ya pabalaza ndi makapeti a m'zipinda zitafika ponunkha, ndinayamba kufunsa kwa anthu ogwira ntchito yotsuka. Aliyense ndinkamufunsa funso limodzi: litsiro mukalisungunula, limapita kuti?

Musanaimbire munthu aliyense, tembenuzani khushoni muone kapepala kosokeredwa kunsi. Masofa ena ochokera kunja amakhala ndi chilembo. W ndiye kuti madzi alibe vuto. S ndiye kuti madzi ayi, pamafunika mankhwala osungunula mafuta opanda madzi. WS amalola zonse ziwiri, pomwe X amangofuna makina oyamwa fumbi basi. Opangidwa ndi akalipentala athu alibe kapepala, ndiye mumanyowetsa kansalu koyera ndi mankhwala omwe mukufuna kutsukira n'kukhutiza kumbuyo kwa mpando. Kansalu kakatenga mtundu, dziwani kuti sofayo asuluka.

Oyamba kubwera anali anyamata a burashi ndi shampu. Mtengo wawo ndi wofewa, thovu limachita kusefukira, chipinda n'kununkhira bwino. Pa funso langa lija mmodzi anaseka: "Mayi, limatha ndi thovulo." Silitha ayi. Sopo wosatsukuluzidwa amaumira mu ulusi, amakhala wonanda, ndipo fumbi lathu lino limamatirira msanga kuposa kale. Njira imeneyi ndingaivomere pa kakapeti koti mutha kukatulutsa panja n'kukatsukuluza ndi madzi ambiri, osati pa sofa wa siponji.

Wachiwiri anali ndi mankhwala osalira madzi ambiri. Amawaza pang'ono, n'kupukutira ndi makina, mankhwalawo akauma amasanduka timibulu tokuta litsiro, mawa lake n'kuyamwa ndi makina a fumbi. Ola limodzi kapena awiri kapeti wauma. Pa kapeti wa ubweya waufupi wa mu ofesi ndi njira yabwino ndithu, koma salowa pansi pomwe mkodzo wa mwana unafika.

Wachitatu anatsika mapiri a ku Thabwa kuchokera ku Blantyre, ndipo mafuta a galimoto anawaika pa mtengo osabisa. Makina ake anthu amawatcha a nthunzi, koma kwenikweni amapopera madzi otentha mu nsalu n'kuwayamwanso nthawi yomweyo. Iyeyu sanayankhe ndi pakamwa, anangondilozera thanki ya madzi akuda. Ndinasankha yemweyo.

Chomwe chinandikopa kwambiri n'chakuti anayamba wafunsa za madzi. Mijigo yambiri m'boma la Chikwawa imatulutsa madzi a mchere. Madzi oterewa amafooketsa sopo, ndipo akauma amasiya zoyerayera pa nsalu yakuda. Analawa a pa mjigo wathu, n'kupukusa mutu. Tinagwirizana kuti ndipeze madzi osawawa m'zigubu tsikulo lisanafike, komanso jenereta ikhale pafupi, chifukwa magetsi akathima madzi ali kale mu siponji, ntchito yaipa.

Tsiku la ntchito anayamba ndi kuyamwa fumbi pouma, mpaka m'mikwingwirima ya makhushoni momwe munatuluka mchenga, makoko a mtedza ndi kakhobidi. Gawo limeneli musalole kuti alidumphe. Fumbi likakumana ndi madzi limasanduka matope. Atatero anawaza mankhwala, n'kudikira mphindi ngati 10, kenako kupukuta ndi burashi yofewa m'malo moikamo mikono ndi motsamira mutu, momwe mafuta a tsitsi amadetsa kwambiri. Apo ndiye makina anayamba. Paipi yake ndi yoonekera, moti madzi oyamba mumawaona akudutsa ofiirira ngati a mu Shire nthawi ya dzinja, kenako n'kumayera pang'onopang'ono. M'madzi otsukuluzira anathiramo mankhwala owawasa pang'ono ochotsa mphamvu ya sopo, pomaliza n'kudutsanso kangapo akungoyamwa osapopera.

Mabanga ali ndi zofuna zawozawo. Pa mkodzo anathira mankhwala a enzyme, ophwanya litsiro lochokera m'thupi, amene amafuna nthawi kuti agwire, osati kuthira n'kupukuta pompo. Magazi amafuna madzi ozizira, otentha amawakhazikitsa. Tili ndi kapeti mmodzi wa ubweya wa nkhosa, ameneyo anamusinthira mankhwala ofatsa. "Mayi, Jik asayandikire apa, amadya ubweya." Mipando iwiri ya chilembo S anaitsukira pakhonde ndi mankhwala opanda madzi aja, atatiuza tichotse mbaula pafupi chifukwa amayaka msanga.

Kuumitsa ndiko mwayi wathu kuno, komanso msampha. Dzuwa la kuchigwa limasulutsa nsalu, ndiye makhushoni tinawaimika pamthunzi, mawindo onse otsegula, mafani akuzungulira. Atsuka m'mawa, madzulo zinali zitauma. Ntchitoyi ipangeni chilimwe. Dzinja mpweya umakhala wa chinyontho, ndipo siponji ikakhala yonyowa tsiku limodzi kapena awiri imayamba chuku.

Panali sofa wina amene m'bale wanga anasungitsa kwathu, woti anamira pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mkulu wotsuka uja anangomununkhiza, n'kukana kulandira ndalama yake. Madzi osefukira amatenga za m'zimbudzi, ndipo palibe makina angazichotse mkati mwa siponji. Anatiuza tipite naye kwa kalipentala akachotse siponji ndi nsalu, matabwa okha ndiwo atsale ngati sanawole.

Ndalama musapereke yonse poyamba. Ife tinagwirizana theka poyamba, lotsalalo mawa lake kudzera pa foni, chifukwa banga lina limabwereranso pamwamba nsalu ikamauma. Lathu linatulukira pa khushoni imodzi yokha, ndipo anandilangiza pa foni kuti ndinyowetse pang'ono, ndiike thaulo loyera lopinda ndi chinthu cholemera pamwamba usiku wonse. Kutacha banga linali lasamukira pa thaulo, ine n'kutumiza yotsalayo.