Tsiku la 19 ndi ka VPN kanga, ndipo ndayamba kuwerengera ndalama

Kunena zoona ndafika poti ndikudzifunsa ngati ndimafunadi VPN, njira yobisa yodutsira pa intaneti, kapena ndimangofuna pogwiritsira ntchito kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 komwe achimwene ananditumizira kuchokera ku Joni, kenako kanangokhala mukabati miyezi yambirimbiri kakudya fumbi.

Pulani inali yosavuta. Ndiike WireGuard, pulogalamu ya VPN, pa ka Pi, ndikalumikize ku rauta yapakhomo, ndiye ndikakhala pa wifi ya ku loji ulendo wa kuntchito foni yanga izidzera kunyumba kaye isanapite kwina. Kuika kwake sikunavute ayi, PiVPN, pulogalamu yoikira WireGuard pa Pi, imangokufunsa timafunso, imakupangira makiyi, imatulutsa QR code, iwe kujambula ndi foni basi zatheka. Ndinadzimva udolo. Ndili pa wifi yapakhomo zonse bhobho. Nditangothimitsa wifi n'kuyatsa data, zii. Handshake, moni womwe foni ndi Pi zimapatsana polumikizana, osabwera. Ndinatsegula port 51820 ya UDP, kachitseko kolowera WireGuard, pa rauta, kuthimitsa, kuyatsa, kuthimitsanso, mpaka mayi akunyumba anatulukira kukhitchini kudzafunsa kuti kodi intaneti ikudukaduka chifukwa cha ine kapena ndi netiweki.

Zinanditengera mausiku awiri kuti ndione kuti IP, adiresi ya pa intaneti, yomwe rauta ikuonetsa ikuyamba ndi 100, pomwe ndikafufuza pa intaneti kuti IP yanga ndi chani ikubwera ina. Ndi CGNAT imeneyo. Manambala kuyambira 100.64 mpaka 100.127 anawapatulira zimenezi, chifukwa ma adiresi a IPv4 anachepa padziko ndiye makampani a foni amaunjika anthu ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi. Zili ngati mdadada wa nyumba za lendi wa geti limodzi, iwe kutuluka umatuluka, koma mlendo akafika pageti palibe womuuza kuti chitseko chako ndi chiti. Ndiye port yomwe ndimalimbana nayo ija ndimatsegula chitseko chakuchipinda geti lili lokhoma.

Apa ndi pomwe ndinabwereka seva ya pamwezi, VPS, kompyuta ya pa intaneti yokhala ndi IP yakeyake, kuti foni ndi ka Pi zizikumanirana kumeneko. Yoyamba inali ya ku Germany poti inali yotchipa, koma ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita n'kubwera, imapitirira mamilisekondi 200 ndipo pa video call munthu umaseka nthabwala mnzako atayamba kale nkhani ina. Ndinasamukira ya ku Johannesburg, kusiyana kwake kumamveka ngakhale osayeza. Panalinso kavuto kena kopusa, masamba ena kutseguka ena kungozungulira osatha, mpaka ndinatsitsa MTU, kukula kwa timapaketi ta data, kuchoka pa 1420 kufika 1280 zinatheratu. Ndinaikanso PersistentKeepalive = 25 kuti ka Pi kasamaiwalidwe kuseri kwa geti lija. WireGuard payokha ndilibe nayo mlandu, config yonse ndi mizere khumi chabe, nzosadabwitsa kuti anailowetsa mu Linux kernel 5.6 mu 2020. Amene munavutikapo ndi ma certificate a OpenVPN mukudziwa zomwe ndikunena.

Koma tsopano ndalama. Ine ndimadziuza kuti ndikupanga yangayanga kuti ndisamalipire, eti. Ka seva kotchipa ndi madola 4 kapena 6 pamwezi. Mullvad, VPN yolipira ya ku Sweden, ndi mayuro 5 pamwezi, mtengo womwewo chiyambire 2009, osafuna imelo kapena dzina, amangokupatsa nambala ya akaunti. Ndiye ndapulumutsa chani? Zonse ziwiri ndi foreksi, zonse ziwiri kwa ine nzolipira ndi khadi yomwe banki yanga mwezi wina imalola mwezi wina imakana osanena chifukwa, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 dola iliyonse ndimaimva m'mafupa. Mwezi uno anandilipirira achimwene omwe aja, ine ndinatumiza ndalama kwa mayi kumudzi pafoni m'malo mwawo, foreksi yathu yapabanja imeneyo.

Chomwe chandisokoneza kwambiri si mtengo koma ichi. Pa seva yanga ndilipo ndekha. IP imodzi, munthu m'modzi, yolipiridwa ndi khadi ya dzina lenileni la munthu. Chilichonse chotuluka pamenepo ndi ine basi, palibe wonamizira. Pomwe pa VPN yolipira mumakhala anthu mazanamazana pa IP imodzi ngati mu msika wa Lizulu tsiku la msika, wokuona sangadziwe kuti wagula kabichi ndani. Ndiye yangayi imandibisa kwa mwini wifi ya ku loji ndi kwa kampani ya foni, zimenezo inde, koma kwa masamba omwe ndikupitako ndangosintha malaya, nkhope ndi yomweyo. Ndiponso poti IP yake ndi ya data centre, masamba ena amandiyesa loboti, kundiuza ndisankhe zithunzi za maloboti apamsewu kuti nditsimikize kuti sindine loboti, katatu kanayi ndisanalowe. Masamba a mafilimu ena amangokana osakambirana n'komwe.

Anzanga ena amati bola yako chifukwa sukhulupirira munthu. Ine ndikuti ukhulupirirabe, wangosintha womukhulupirira, mwini kompyuta yomwe seva yako yakhalapo akhoza kuona zomwe akufuna. Yolipira nayo ukudalira mawu awo oti sasunga ma log, mbiri ya zomwe ukuchita. Kungoti Mullvad inayesedwapo, mu April 2023 apolisi a ku Sweden anafika ku ofesi yawo ku Gothenburg ndi chikalata chofufuzira ndipo anabwerera chimanjamanja poti za makasitomala kunalibe. Si onse angapirire mayeso amenewo, makamaka timaapu taulere todzaza ma advert tomwe anthu amaika pofuna intaneti yaulere, amenewo ine ayi ndithu.

Ndiye pali ulonda. Tsiku lachiwiri la seva ija ndinatsegula log ya SSH, khomo lolowera mu seva uli patali, mayo, anthu osawadziwa akuyesa kulowa ndi maina a root, admin, test, usiku wonse. Ndinatseka zolowa ndi pasiwedi, makiyi okha, ndinaika fail2ban yotsekera kunja oyesayesa kulowa ndi unattended-upgrades yoika ma update yokha. Zimakoma kuphunzira, koma ndi ntchito yomwe ukalipira mayuro 5 aja amagwira wina. Loweruka magetsi anathima ka Pi kali mkati molemba, SD card inafa, ndinayambira pachiyambi ndilibe backup ya makiyi. Osandiseka.

Dzana ndinayesa Tailscale, pulogalamu yolumikiza zipangizo zako, yomwe pansi pake ndi WireGuard yomweyo koma imadziwa kuboola CGNAT yokha, ikalephera imadzera ma relay awo. Yaulere kwa munthu payekha. Mphindi khumi ndinali ndikuona mafayilo a pa Pi ndili mu minibasi pa Biwi, chinthu chomwe ndalimbana nacho masabata awiri. Zinandinyansa pang'ono kuti zaphweka chonchi. Kungoti ndikaiyatsa ngati exit node, kuti intaneti yonse ya pafoni izidzera kunyumba, bandulo yapakhomo imadyeka kawiri, data ikulowa m'nyumba kenako kutulukanso kubwera kufoni, ndipo yapafoni nayo ikutha, ndinazindikira uthenga woti 80% ya bandulo yatha utabwera sabata isanathe.

Pomwe ndaima ndi apa: VPS ndiithimitsa kutha kwa mwezi. Tailscale ikhala ya mafayilo ndi Pi-hole yotsekereza ma advert basi, exit node yothimitsa. Pa wifi ya ku loji ndiyamba ndayesa VPN yaulere ya kampani ya Proton, ikandichedwetsa ndidzagula mwezi umodzi wa Mullvad pokhapokha ndili paulendo. Mawa ndikulowa mtauni kukasaka ka SSD ka USB kuti Pi isiye kudalira SD card, komanso power bank yotha kutchaja ikutulutsa moto nthawi imodzi, yomwe ndili nayoyi magetsi akabwera imaphethira kaye ndiye Pi imazima basi.