Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Kuika mawu a Chichewa pa filimu ya Sonagi

Gawo lapitali linathera pa zipangizo ndi kachipinda kojambuliramo mawu. Lero tilowe mu ntchito yeniyeniyo. Pa mafilimu onse amene adutsa patebulo panga m'zaka zomasulira mafilimu m'Chichewa, ndasankha imodzi ya ku South Korea yotchedwa Sonagi, kutanthauza mvula yamwadzidzidzi, chifukwa ndiyo imasiyanitsa womasulira wokhwima ndi munthu wongodziwa kulongolola. Filimu ya nkhonya ndi mfuti imakubisa, phokoso limakwirira zolakwa zako. Iyi sikubisa. Anthu ake ndi ana awiri, mawu ake ndi owerengeka, ndipo ukangoyankhula pamalo posayenera aliyense amamva kuti waswa chinthu.

Mwini nkhaniyi ndi Hwang Sun-won, wobadwa mu 1915 kudera limene lero lili mu North Korea, ndipo anamwalira mu 2000. Anailemba ngati nkhani yaifupi mu 1952, nkhondo ya ku Korea ili mkati, n'kuisindikiza mu 1953, chaka chimene mfuti zinaleka kulira. Komatu mu nkhaniyo mulibe msilikali ngakhale mmodzi. Yakhala m'mabuku a kusukulu kwa zaka zambirimbiri, moti ku South Korea n'kovuta kupeza munthu wamkulu woti saidziwa. Ko Young-nam anaijambula filimu mu 1978 ndipo inatuluka mu 1979, ana awiriwo akuseweredwa ndi Lee Young-soo ndi Jo Yoon-sook. M'buku anawo alibe mayina, amangotchedwa mnyamata ndi mtsikana. Mufilimu ndi Seok-i ndi Yeon-i.

Womasulira ayenera kudziwa nkhani ya Hwang asanagwire maikolofoni, chifukwa filimuyo yaima pa nkhani imeneyo. Mtsikana wochokera ku Seoul, mdzukulutuvi wa mkulu wina wotchedwa Yun Chosi, wabwera kudzakhala kumudzi. Amakonda kukhala pa miyala yowolokera pakamtsinje n'kumaseweretsa madzi. Mnyamata wa m'mudzimo, wamanyazi kwambiri, amalephera kunena kuti tandipatsa njira, amangokhala m'mbali kudikira. Tsiku lina mtsikanayo akutola kamwala koyera m'madzi, n'kumugenda nako uku akumutcha chitsiru, n'kuthawa. Mnyamata akutola kamwalako n'kuika m'thumba, ndipo kuyambira pamenepo dzanja lake silichoka m'thumbamo. Kenako akupita limodzi kuseri kwa phiri, kudutsa m'minda ya mpunga, kuthyola maluwa. Mtsikana akuterereka n'kuchekeka pabondo, mnyamata akuyamwa magaziwo n'kupakapo utomoni wa paini. Mvula yamwadzidzidzi ikuwapeza kutali. Kansanja kolonderapo m'munda kakudontha, ndiye mnyamata akusonkhanitsa mitolo ya mapesi a mapira kuti mnzake abisalemo, iye n'kukhala panja kunyowa mpaka mtsikanayo atamuitana. Pobwerera madzi asefukira, akumubereka kumbuyo kuti awoloke, ndipo juzi ya pinki ya mtsikanayo ikutenga thimbiriro la matope lochokera pamsana pa mnyamatayo. Mtsikana akudwala. Atakumananso akumuonetsa thimbiriro lija, akumupatsa zipatso, n'kumuuza kuti akusamuka. Mnyamata akukaba mtedza wa walnut usiku kuti adzamupatse, koma sanapangane tsiku lokumana. Mapeto ake akuwamva ali chigonere, bambo ake akuuza mayi ake kuti mwana uja wamwalira, ndipo anapempha kuti amuike m'manda ndi zovala zimene anavalazo.

Mwaona kuti nkhaniyi yanyamulidwa ndi zinthu: kamwala, juzi, mtedza m'thumba. Palibe pamene wina akuuza mnzake kuti ndimakukonda. Apa ndi pamene omasulira ambiri amagwera. Chizolowezi cha m'mavidiyo sho n'chakuti womasulira asakhale chete, pakakhala bata aikepo nthabwala kuti anthu asatope. Pa Sonagi chizolowezi chimenechi chimapha filimu. Choipitsitsa ndi kuwalowetsa anawa m'chiyankhulo cha akuluakulu, kumanena za chibwenzi, kufunsira, ndi mawu ena a m'malo omwera mowa. Awa ndi ana a kupulayimale, m'buku mtsikanayo ali mu kalasi 5. Iwo eni sakudziwa dzina la chimene chikuwachitikira, ndipo womasulira alibe ufulu wochipatsa dzina m'malo mwawo. Komanso m'chipinda choonetsera mumakhala ana a msinkhu womwewo akumvetsera.

Ntchito imayambira papepala. Onerani filimu yonse kawiri opanda maikolofoni, ulendo woyamba kungoonera, wachiwiri mukuimitsa ndi kulemba. Pepala ligawidwe panayi: nthawi imene mawu ayambira, woyankhula, amene akuuzidwa, ndi mawu a Chichewa. Paliponse pamene padutsa masekondi oposa 10 popanda woyankhula, lembani mzere wofiira. Mzere wofiira ndi malo oletsedwa, pakamwa patsekedwe. Mukamaliza mudzaona kuti mizere yofiira yachuluka kuposa momwe munazolowera, ndipo mtima udzakuuzani kuti mudzazemo. Musamvere.

Gawo lachitatu la pepalalo, la amene akuuzidwa, ndi lofunika kuposa momwe limaonekera. Ambirife timamasulira kuchokera ku mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, ndipo Chingerezi sichisiyanitsa iwe ndi inu. Chikorea chimasiyanitsa, mwinanso kuposa ife. Simufunika kuchidziwa chonse, tcherani khutu kumapeto kwa chiganizo, chifukwa mneni wa Chikorea amabwera kumapeto ndipo ulemu umakhala pamenepo. Mukamva chiganizo chikuthera pa "yo" kapena "nida", woyankhulayo akupereka ulemu, ikani inu. Chikangoduka chopanda zimenezi, ndi iwe. Ana awiriwa amayankhulana ndi iwe. Mwana kwa kholo kapena kwa aphunzitsi ndi inu, ndipo anthu a m'mudzi akamatchula Yun Chosi m'Chichewa akhale a Yun. Chosi si dzina, ndi udindo wa munthu amene anakhoza gawo loyamba la mayeso a boma akalekale, ndiye banjali linali lolemekezeka ngakhale chuma chinali chitawathera. Woonera akapanda kumva ulemu umenewu samvetsa chifukwa chimene kugwa kwa banjalo kuli nkhani m'mudzi monse.

Zinthu za kumunda zambiri tili nazo, palibe chifukwa chozisiya m'Chingerezi. Mapesi aja ndi a mapira enieni. Zipatso zimene mtsikana akupereka, zimene Akorea amati daechu, ndi za mtundu umodzi ndi masawu athu, kusiyana kwake n'kwakuti zawo zimakula ndipo zimafiira zikapsa, ndiye kunena kuti masawu sikunama. Koma zimene tilibe musazikakamize. Mwambo wopereka chakudya kwa makolo amene anamwalira, umene zipatsozo anathyolera, ungofotokozedwa m'mawu ochepa kamodzi kokha, osausandutsa mwambo wa kwathu kuno. Anawa akhale Akorea mpaka filimu ithe.

Tsopano nthawi. Mawu a Chichewa ndi aatali, chiganizo chimene mwana wa Chikorea wanena m'masekondi awiri chikhoza kufuna anayi. Mankhwala ake si kuthamangitsa lilime, ndi kudula mawu. Werengani mzere uliwonse mokweza muli ndi wotchi, ukapitirira fupikitsani. Polowa, siyani mawu a mwanayo amveke pafupifupi theka la sekondi, kenako mubwere inu, ndipo mumalizire limodzi. Musatsate milomo. Mafilimu ambiri a ku Korea a m'zaka zimenezo ankajambula zithunzi kaye, mawu n'kudzaika pambuyo mu situdiyo, ndiye milomo ndi mawu sizigwirizana ndendende. Wotsata milomo amalowa msanga kapena mochedwa. Tsatani zimene khutu likumva.

Pali vuto lina limene limasokoneza anthu usiku wonse. Mawu amayamba bwinobwino, koma pofika pakati atsalira, kumapeto atayana kotheratu. Kawirikawiri gwero lake ndi liwiro la zithunzi. Filimu ya m'kanema imayenda zithunzi 24 pa sekondi, pamene makope okonzedwera wailesi ya kanema ya mtundu wa PAL amayenda 25. Kusiyana kwake ndi pafupifupi 4 peresenti, kutanthauza kuti filimu ya mphindi 100 imatha pa mphindi 96. Mukalemba nthawi zanu pa kope lina n'kukajambulira pa lina, palibe chimene chidzagwirizane. Gwiritsani kope limodzi kuyambira papepala mpaka kumapeto. Mawu anu ajambulidwe pa 48 kHz, muyezo wa vidiyo, ndipo pulojekiti yonse ikhale pa muyezo womwewo. Kope likakhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi, isiyeni. Mukalitambasula kuti lidzaze sikirini nkhope zimatalika, mukalidula m'mbali mwana mmodzi amasowa pa chithunzi chimene anayenera kuonekera onse awiri atatalikirana, pamene kutalikiranako ndiye nkhani.

Za kaphatikizidwe ka mawu ndikhalapo pang'ono, chifukwa mvula ya mufilimuyi imafera pamenepa. Filimu yakale ngati iyi mawu a anthu, nyimbo, madzi ndi mvula zimakhala pa mzere umodzi, simungatsitse chimodzi n'kusiya chinzake. Mukatsitsa mawu a Chikorea kuti anu amveke, mvula nayo imatsika. Mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, muli chida chotchedwa Auto Duck chimene chimatsitsa chokha mukayamba kuyankhula n'kukweza mukasiya. Pa filimu ya zochitika zambiri n'chothandiza. Apa chimachititsa kuti mvula izimveka ngati munthu akutsegula ndi kutseka mpopi. Tsitsani pamanja ndi chida cha envelope cha mu Audacity momwemo, ndi 10 mpaka 12 dB basi (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), kutsika ndi kukwera kwake kutenge pafupifupi theka la sekondi. Ziganizo zanu ziwiri zikayandikana musakweze pakati pake, siyani pansi mpaka zonse zithe. Mawu anu asapitirire -6 dB pamene akwera kwambiri. Ndipo musayese kuyeretsa kaphokoso ka filimu yakale ndi chida chochotsera phokoso cha Noise Reduction. Kwa kompyuta, mvula ndi kaphokosoko n'zofanana, imadya zonse n'kusiya kulira kwa zitini. Chidacho chigwire pa mzere wa mawu anu okha.

Maikolofoni ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchoka pakamwa, chammbali pang'ono, ndi kansalu kopyapyala pa waya kutsogolo kwake kuti "ph" ndi "th" wathu asaphulike. Filimu imvereni m'mahedifoni otseka makutu, osati pa sipika, apo ayi mawu ake amalowanso mu maikolofoni n'kumveka pawiri. Popeza mudzayankhula motsitsa kuposa masiku onse, maikolofoni idzakwezedwa, ndipo idzatola zimene simuzimva nthawi zina: firiji, fani ya kompyuta, tambala wa kwa aneba. Mabulangete awiri pakhoma ndi limodzi pachitseko amathandiza, ndipo nyumba ya malata nthawi yabwino ndi usiku, dzuwa litasiya kuwaliza.

Mawu a ana musawatsanzire. Bambo wandevu akayamba kuliza timawu tating'ono ngati kamtsikana, chipinda chonse chimaseka, ndipo kuseka kumeneko sikudzathanso. Yankhulani ndi mawu anu enieni, mofewa, kusiyanitsa anawo ndi liwiro lokha. Mtsikana ndi wa m'tauni, amayamba ndiye, amafunsa mafunso, mawu ake ndi opepuka. Mnyamata amayankha mwachidule ndipo amachedwa kuyankha. Kuchedwako musakudzaze. Mukapeza mtsikana kapena mayi wowerenga bwino kuti atenge mbali ya Yeon-i, ndi bwino koposa.

Pa nkhani ya imfa ija, bambo akuyankhula ngati munthu wongofika kuchokera kokacheza, akuuza mkazi wake zimene wamva, osadziwa chimene mawuwo akuchita kwa mwana wawo. Womasulira akaikapo mawu a pamaliro, kunjenjemera ndi kusisima, walakwitsa, chifukwa ululu wake uli pa kayankhulidwe kawamba kameneko. Nenani mosakweza, monga akuluakulu amakambirana za eni ake usiku. Za zovala zija musafotokoze kuti n'chifukwa cha thimbiriro. Amene anaonera akudziwa kale, ndipo amafuna afike okha pamenepo. Akorea eni ake amawadziwa mapeto amenewa pamtima moti filimu ya My Sassy Girl ya mu 2001 inatha kuwaseweretsa popanda kufotokoza, ndipo ku Yangpyeong, dera limene banja la mtsikanayo linkasamukira m'nkhanimo, anatsegulako mudzi wokumbukira Hwang mu 2009, kumene amagwetsa mvula yochita kupanga kuti alendo athawire m'mitolo ya mapesi.

Chotsala ndi chilolezo. Korean Film Archive, bungwe losunga mafilimu a dzikolo, limaika mafilimu akale ambiri pa YouTube kuti anthu aonere ulere, ndipo ndi malo oyamba kuyang'ana mukafuna makope abwino a mafilimu a m'zaka zimenezo. Koma kuonera ulere si chilolezo chokopera, kuikapo mawu n'kumagulitsa. Malamulo a ku South Korea amateteza ntchito ya mlembi kwa zaka 70 atamwalira, ndipo Hwang wamwalira mu 2000 pomwepa. Filimuyo nayo ili ndi eni ake. Kuno kwathu zotere zili pansi pa lamulo la 2016 la umwini wa zaluso, ndipo bungwe loona za umwini wa zaluso la COSOMA ndilo limayang'anira. Kuphunzirira pa filimuyi m'chipinda chanu ndi nkhani ina, kuitulutsa kwa anthu ndi inanso, ndipo yachiwiriyi imayamba ndi kalata yopempha kwa eni ake. Mmene kalata yotere imalembedwera, ndi zimene eni filimu amafuna kudziwa asanayankhe, ndizo za gawo 12.