Sabata yokonza pulogalamu ya Yura Movsisyan

Sabata yathayi ku wailesi anandipatsa ntchito yokonza pulogalamu ya tsiku lokumbukira anthu othawa kwawo, la pa 20 June, ndipo ndinasankha kukamba za Yura Movsisyan, yemwe anali katswiri womwetsa zigoli wa dziko la Armenia. Lolemba ndi Lachiwiri ndinatanganidwa ndi kulondoloza mbiri yake. Iyeyu anabadwira ku Baku, m'dziko la Azerbaijan, mu 1987, koma banja lake linathawako chifukwa cha nkhanza zimene anthu a mtundu wa Armenia ankachitiridwa, mpaka linakakhazikika ku California. Timu ya Kansas City Wizards inamutenga mu 2006 akuchokera ku Pasadena City College, ndipo mu 2009 anatenga chikho cha MLS Cup, cha ligi yaikulu ya ku America, ali ndi Real Salt Lake asanapite ku Randers ya ku Denmark.

Lachitatu tinasiyana maganizo ndi mkonzi wamkulu. Iwo ankafuna kuti mphindi zambiri zipite ku masautso a ubwana wake, poti ndi zimene zimagwira mtima omvera, koma ine ndinawapempha kuti tisamuchititse munthuyu kukhala womvetsa chisoni chabe pamene dzina lake analipanga ndi miyendo yake pabwalo. Anandilola, pokhapokha nditapeza masewero amodzi oti omvera awaone ndi makutu.

Ndinasankha a pakati pa Denmark ndi Armenia a pa 11 June 2013 ku Copenhagen. Armenia inali itangogonja kwawo 1-0 ndi Malta masiku ochepa m'mbuyomo, choncho palibe amene ankaiwerengera. Mphindi yoyamba isanathe, Movsisyan anali atagwedeza kale ukonde, ndipo m'chigawo chachiwiri anamwetsanso china, Armenia n'kuswa Denmark 4-0, zigoli zina zikuchokera kwa Aras Özbiliz ndi Henrikh Mkhitaryan. Lachinayi lonse ndinakhala mu situdiyo, mahedifoni kumutu, ndikubwezabweza kanema wa masewerowo n'kumalemba mawu oti woulutsa wathu awerenge. Chovuta chinali kufotokoza zimene womwetsa zigoli amachita mpira usanamufike, monga kuzembera otchinga kumbuyo ndi kuthamangira pampata, chifukwa pa wailesi zimenezi zimatayika msanga ngati wolemba sanazisamale.

Za ku Russia ndinazidutsa mwachangu ngakhale zinali zoyenera nthawi yambiri: Movsisyan anachoka ku timu ya Krasnodar kupita ku Spartak Moscow, anamwetsa zigoli 3 m'masewero ake oyamba a ligi polimbana ndi Terek Grozny, ndipo anamaliza nyengo ya 2012-13 ndi zigoli 13, kufanana ndi Wánderson wa Krasnodar pamwamba pa omwetsa zigoli onse a mu ligiyo.

Lachisanu tinajambula mawu. Nthawi inatichepera moti mkonzi analamula kuti tidule mphindi zingapo, ndipo ndinachotsa za kubwerera kwake ku Real Salt Lake mu 2016, koma ndinakakamira kusunga zigoli 4 zimene anamwetsa Gibraltar mu November 2018, pamene Armenia inapambana 6-2.