Masoseji atatu ndi kapu ya dipoziti: madzulo anga pa msika wa Khrisimasi ku Nuremberg

Nthawi inali isanakwane ngakhale 5 koloko madzulo, koma kunja kunali kutada kale bii. Titatsika sitima pa siteshoni yaikulu ya Nuremberg, achemwali anga anandikokera chipewa chaubweya mpaka kuphimba makutu. "Iwe, manja m'thumba. Kuno si ku Zomba." Iwo akhala ku Germany zaka zambiri, ine ndinali nditangotha masabata awiri okha, ndipo chisanu cha mu Disembala chinali chikundizunzabe. Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni komwe timadandaula nako kuja ndi masewera chabe.

Tinatsetsereka ndi msewu wa Königstraße, kudutsa tchalitchi cha St. Lorenz, n'kuwoloka mtsinje wa Pegnitz. Msika tisanauone n'komwe, fungo ndi lomwe linatichingamira: nyama yowotcha, shuga wopserera, sinamoni. Kenako bwalo la Hauptmarkt linangoti phwa patsogolo pathu. Timisasa tamatabwa pafupifupi 180, madenga ake ansalu ya mizere yofiira ndi yoyera, tili ndandanda ngati mizere ya m'munda, magetsi ali ngwee paliponse. Msikawu amautcha Christkindlesmarkt. Umboni wakale kwambiri woti unalipo ndi kabokosi kathabwa kolembedwa chaka cha 1628, komwe amakasunga ku nyumba yosungiramo zakale mumzinda momwemo.

Apa mpamene ndinamvetsa kanthu kena komwe kamandizunguza kuyambira ndili mwana. Kwathu Khrisimasi imabwera ndi mvula, mango ali mbwee, chimanga chikutibisa mawondo, mpunga ndi nkhuku zili pamoto. Ndiye timakandulo, thonje loyerekeza chipale pa mitengo ya m'masitolo, ndi bambo wandevu wovala chijasi chofiira thukuta lili kamukamu, ndinkangoona ngati zachibwana. Koma ukaima pamalo pomwe dzuwa lalowa 4 koloko itangopitirira, mphuno ili chuchuchu, zala zosamva kanthu, umadziwa kuti nyali ndi zakumwa zotentha zimenezi si zokongoletsa ayi. Anthuwa akulimbana ndi mdima.

Choyamba chinali chakudya. Achemwali anandiphunzitsa mawu atatu oti ndikanene ndekha: "Drei im Weggla." Ndiye kuti masoseji atatu m'kabanzi kamodzi. Nditawaona ndinaseka, chifukwa soseji iliyonse ndi yofanana ndi chala changa cha mkombaphala. Koma ung'onowo ndi wa dala. Soseji ya ku Nuremberg ili ndi malamulo ake: kutalika masentimita 7 mpaka 9, ipangidwe mumzinda momwemo, ndipo muzikhala kazitsamba kotchedwa marjoram. Bambo wowotchayo ankazitembenuza ndi kachitsulo mwachangu ngati anyamata a kanyenya a pa Lizulu, kungosiyana kuti sankaitanira makasitomala. Ndinapaka mastadi wambiri, ndinadya nditaimirira, mafuta akuyenderera pa golovesi. Ndinabwereranso kachiwiri, manyazi pambali.

Vuto linabuka pa Glühwein, vinyo wofiira wotenthetsa wothira sinamoni ndi zonunkhira zina. Pa bolodi panali mtengo wina, mayi wogulitsayo ananditchulira wokwererapo. Magazi a pamsika wa Limbe anawira. Ndinali nditayamba kale kuloza bolodi, achemwali anandigwira mkono. "Usatichititse manyazi. Imeneyo ndi ya kapu." Amati Pfand: umalipira dipoziti ya kapu, ukabweza amakubwezera ndalama yako. Ndi zomwe zija tinkachita ndi botolo la Fanta pa golosale, basi. Kunenerera nako kulibe kuno. Palibe "tsitsaniko pang'ono mayi", palibe basela. Mtengo ndi womwe walembedwawo, ndipo kunena zoona mbali imeneyi msika wawo ndi wozizira kuposa mphepo yake.

Kapuyo ndinaifumbata ndi manja onse awiri, osati chifukwa cha ulemu.

Pa kamsasa kena panali tianthu topangidwa ndi zipatso zouma, mikono ndi miyendo ya maplamu, mutu wa mtedza wa walnut wojambulidwa nkhope. Wina wavala ngati wophika, wina ngati woyeretsa machumuni. Amatitcha Zwetschgenmännle ndipo sadya, amangoika pa shelefu. Chodyedwa ndi Lebkuchen, keke yafulati yofewa ya mtedza ndi zonunkhira. Yapamwamba kwambiri, Elisenlebkuchen, ufa umangokhalamo pang'ono, zambiri ndi mtedza. Pansi pake pamakhala kanthu koyera kopyapyala. Ine ndinayesa pepala, ndinayamba kukasenda ndi chikhadabo, mpaka kamnyamata kena koima pafupi kanayamba kuseka. Kanali ka mtundu wa mkate wa Mgonero uja, kamadyedwa limodzi ndi keke.

Amene amatsegulira msikawu si Father Christmas. Ndi Christkind, mtsikana wa mumzindamo wa zaka 16 mpaka 19, wovala mkanjo wagolide, chisoti chachifumu ndi tsitsi lopotanapotana. Kuyambira 1969 amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse. Lachisanu loyandikira Lamulungu loyamba la Adiventi amaima pakhonde la m'mwamba la tchalitchi cha Frauenkirche n'kulakatula mawu otsegulira. Ganizo la Christkind amati linachokera kwa Martin Luther, yemwe ankafuna kuti ana azilandira mphatso m'dzina la Mwana Yesu osati Nicholas Woyera. Mmene Mwana Yesu anasandukira mtsikana wamapiko, achemwali anangoti, "Za Azungu usazifunse kwambiri." Ife tinafika mwambowo utadutsa kale.

Tinaima pansi pa khondelo kuti tithawe chikhamu, ndipo ndi pomwepo achemwali anandiuza zomwe sizilembedwa pa makapu. Bwalo lonseli kale linali mudzi wa Ayuda. Mu Disembala 1349 anthu a mumzindamo anawaukira, anapha oposa 500, nyumba zawo n'kugwetsa kuti papezeke malo a msika. Mfumu Charles IV inali itavomereza kale za kugwetsako. Frauenkirche anaimanga pomwe panali sunagoge. Wotchi yake yotchuka, yomwe 12 koloko masana imatulutsa tizidole ta akalonga asanu ndi awiri tozungulira mfumu, ikulemekeza Charles yemweyo. Patapita zaka mazana ambiri bwaloli linadzatchedwa dzina la Hitler, ndipo usiku wa pa 2 Januwale 1945 mabomba a ndege za Britain anasandutsa pakati pa mzindawu bwinja. Msika unadzatsegulidwanso mu 1948, mabwinja ali chizungulire.

Ndinakhala kaye chete. Kwaya ya ana inali ikuimba patsogolo pa tchalitchi, makolo akujambula ndi mafoni, ndipo vinyo wanga anali atayamba kuzizira.

Tisananyamuke tinapita pa Schöner Brunnen, kasupe wa m'zaka za m'ma 1300 wooneka ngati nsonga ya tchalitchi yomwe yadzalidwa pansi, mamita 19 kutalika. Anapulumuka mabomba chifukwa anamukuta ndi konkire. Pa mpanda wake wachitsulo pali mphete yamkuwa yomwe amati ukaizunguza umapeza mwayi. Panali mzere. Ine, mwana wa Mvano, ndinati sindichita nawo zimenezo, koma achemwali atayang'ana kumbali ndinaizunguza katatu.

M'sitima pobwerera foni inalira. Anali amayi pa WhatsApp: mvula yagwa usiku wonse, chimanga chakumunda kwa kuseri chikufuna feteleza wachiwiri, nanga mango a pakhomo adya ndani chaka chino? Ndikufufuza magolovesi m'chikwama, dzanja linagunda kapu ija. Ndinali nditaiwala kubweza.

"Dipoziti yapita imeneyo," anatero achemwali. "Ukawapatse amayi azikamwera tiyi."