Kudana ndi America kuno ku Harare, akupindula ndani?

Muno mu Harare ukafuna mkangano ubuke, kaya ndi mukombi kaya pamaliro usiku amuna atazungulira moto, ingotchulako America basi. Wina ayamba kutukwana masankishoni, zilango zachuma zimene America inaika pa Zimbabwe, kuti ndi amene atisaukitsa, wina amudula pakamwa kuti iwe usatinamize akuba ali konkuno, mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Nkhani imeneyi ine imandipweteka zenizeni, ndipo ndafuna ndiilembe m'Chichewa chifukwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi tili ndi mbali yathuyathu pankhaniyi imene sindiimva ikutchulidwa pawailesi kapena pa Facebook.

Ndinene poyera kuti anthu okwiyira America sapenga ayi. Pali zinthu zomwe dziko lija linachita zimene akuluakulu athu sanaiwale. Nthawi ya Ian Smith bungwe la United Nations linaletsa mayiko kugula katundu wa Rhodesia, koma mu 1971 aphungu a ku America anakhazikitsa lamulo lotchedwa Byrd Amendment lolola makampani awo kumagulabe chrome wa kuno, zinakhala choncho mpaka 1977 Jimmy Carter atalowa. Nanga chrome ameneyo ankakumba ndani? Agogo athu omwe, ku Shurugwi ndi ku Mutorashanga, kulowa pansi mbandakucha kutuluka fumbi lili tho m'chifuwa, ndalama zake nkumakalimbitsa boma lomwe linkawatcha maboyi angakhale ali ndi imvi. Onjezanipo zida zomwe America inkapatsa Jonas Savimbi ku Angola, onjezaniponso zoti dzina la Nelson Mandela analichotsa pamndandanda wawo wa zigawenga mu 2008, munthu atakhala kale pulezidenti mpaka kupuma. Ndiye kazembe akaima nkumatiphunzitsa za ufulu wachibadwidwe, nkhalamba yomwe inaona zimenezi imangopukusa mutu, ndipo ine sindingaidzudzule.

Kenako pali lamulo la America lotchedwa ZIDERA, limene aliyense amalitchula koma ochepa analiwerengapo. George W. Bush anasaina lamuloli mu December 2001. Limauza nthumwi za America ku World Bank, ku IMF ndi kumabanki ena otere kuti zizikana Zimbabwe ikapempha ngongole kapena kukhululukiridwa ngongole, kufikira nkhani za zisankho, za malamulo ndi za malo zitakonzedwa. Mu 2003 anawonjezera mndandanda wa anthu ndi makampani oti chuma chawo chitsekedwe ndipo nzika za America zisachite nawo malonda. A ku ofesi ya kazembe amakonda kunena kuti zilangozi nza anthu owerengeka, sizikhudza mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika. Papepala nzoona ndithu. Koma banki ya ku New York kapena ku London sikhala pansi kumasiyanitsa kuti uyu ndi nduna uyu ndi mnyamata wogulitsa masipeya ku Gazaland, ikangoona dzina loti Zimbabwe imaopa chindapusa nkutseka chitseko, mapeto ake kutumiza ndi kulandira ndalama kumadula komanso kumachedwa kwa wina aliyense. Apa America imalakwa ndipo imakana kuvomera, ndi zimene zimakwiyitsa ngakhale anthu osalowa ndale.

Koma pomwe ine ndimasiyana ndi oguba a pa 25 October ndi apa. Tsiku limeneli analisankha atsogoleri a SADC pamsonkhano wawo ku Dar es Salaam mu 2019 kuti likhale lodandaulira masankishoni, chaka chimenecho boma linalengeza tchuthi, mabasi ananyamula anthu kupita ku National Sports Stadium, ndipo pali ena anamanga matenti kunja kwa ofesi ya kazembe wa America ku Bluff Hill nkukhala pomwepo zaka. Kudandaula nkwabwino. Chimene chimandiwawa nchoti dzina la America lasanduka yankho la funso lililonse. Madzi sakutuluka ku Mabvuku, masankishoni. Mankhwala kulibe kukiliniki, masankishoni. Chonsecho World Bank inasiya kubwereketsa Zimbabwe mu 2000 chifukwa boma linasiya kubweza ngongole, ZIDERA isanabadwe nkomwe, ndipo pepala la 100 thiriliyoni lija analisindikiza ndi a Reserve Bank konkuno.

Amalume anga anabadwira pafamu ya fodya kufupi ndi Chinhoyi, bambo awo anachokera ku Dedza wapansi. Zoti malo anayenera kubwerera kwa anthu akuda iwo satsutsa, inenso sinditsutsa. Koma famu ija italandidwa pambuyo pa 2000, iwo amene anaithirira thukuta moyo wawo wonse sanapatsidwe ngakhale kamunda ka phazi limodzi, anawauza kuti kwanu nku Malawi, dziko lomwe sanalipondepo. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ambiri onga iwo opanda dziko mpaka malamulo atsopano a 2013. Anabwera kutauni, anamanga kakabini kumbuyo kwa nyumba ya wachibale, Murambatsvina wa 2005, ntchito ya boma ija yogwetsa nyumba m'matauni, nkudzakagwetsa, nthawi ija lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama.

Lamulungu lina titaweruka ku CCAP tinakhala pakhonde kudikira nsima, mng'ono wanga nkutulukira atavala sikipa yomwe analandira kumaguba, yolembedwa zoti masankishoni achoke, ndipo anayamba kulalikira kuti umphawi wathu wonse waubweretsa ndi America. Amalume anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anapisa m'thumba la jekete, kutulutsa kachikwama kokulunga ndi labala, mkati mwake muli chitupa chawo chakale chachitsulo chija, chokalikakalika m'mbali, nkuchiika pabondo la mnyamatayo chala chili pamawu oti ALIEN. "Mphwanga, tandiwerengera apa. Analemba izi ndi wa ku America?" Iye anati ayi malume. "Nanga buludoza ija inagwetsa kabini yanga mabulangete ali mkati, inachokera ku Washington?" Anangoti zii. Amalume sakonda America, amati azungu onse ndi amodzi, koma amakana kuti munthu awasinthire dzina la amene anawapweteka. Ife amene tinalozedwapo chala kuti ndife alendo tikudziwa mmene zimakhalira atsogoleri akafuna wina wakunja womusenzetsa milandu yawo, choncho nyimbo imeneyi sitiyenera kuivina osaganiza.

Tsopano taonani zomwe udaniwu wachita paubale wa mayiko. Condoleezza Rice wa boma la America mu 2005 anaika Zimbabwe pagulu la mayiko omwe anawatcha malinga a nkhanza, pamodzi ndi Cuba, Iran ndi North Korea. Kuno nako sanagone, mu 2020 Patrick Chinamasa wa ZANU-PF anatcha kazembe wa America Brian Nichols chigawenga pamaso pa atolankhani. Mayiko awiri akafika potukwanizana chonchi, wachitatu ndi amene amalowa. Robert Mugabe anatembenukira kummawa, ndipo mu July 2008 China ndi Russia zinakana ku Security Council ganizo lopatsa Zimbabwe zilango za United Nations, ngongole imeneyo boma lino likubwezabe, nchifukwa chake mu March 2022 mayiko ambiri akudzudzula Russia polowa mu Ukraine, Zimbabwe sinavote nawo. Nyumba ya malamulo yatsopano ku Mt Hampden yamangidwa ndi China ngati mphatso, migodi ya lithium ku Bikita ndi ku Arcadia pafupi ndi Goromonzi ili m'manja mwa makampani a ku China. America inkaganiza kuti ikulanga anthu ochepa, koma yataya malo muno, ndipo si kuno kokha, ku Niger asilikali ake anauzidwa kuti anyamuke mu 2024 ndipo ananyamukadi.

Chomwe chinandiopsa kwambiri ndi cha June 2024, a Mnangagwa atakumana ndi Putin ku St Petersburg nkudandaula pakamera kuti America ikulimbikitsa mphamvu zake ku Zambia, ngati kuti Zimbabwe yazingidwa. Boma la Zambia linakwiya mpaka kukadandaula ku SADC ndi ku African Union. Abale, Zambia imeneyi ndi yomwe inasunga omenyera ufulu a dziko lino, tikugawana Kariba, tikugawana Victoria Falls, ena a ife azakhali athu ali ku Chipata ndi ku Katete. Udani wa Washington ndi Moscow ufike potidanitsa ndi anansi athu a pa Chirundu? Ndipo zinachitika patangopita miyezi itatu Joe Biden atathetsa pulogalamu yakale ija ya 2003, nkusiya anthu 11 ndi makampani 3 pansi pa lamulo lina la zilango lotchedwa Global Magnitsky, a Mnangagwa ndi akazi awo ali momwemo. ZIDERA ija sanaichotse. Mpata wokambirana unalipo koma mbali zonse ziwiri zinasankha kulimba khosi.

Akwathu ku Malawi anazionapo mu 2011. Bingu wa Mutharika anathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, mu April, kenako anthu ataphedwa pazionetsero za 20 July, bungwe la America la Millennium Challenge Corporation linaimitsa ndalama zokwana 350 miliyoni dola zokonzera magetsi. Achibale ankatiimbira foni kuti akugona pamizere ya mafuta, foreksi kulibe, ndipo zinthu zinayamba kumasuka Joyce Banda atalowa mu 2012. Bingu ankanena zina zoona zokhudza mayiko opereka thandizo kuti amafuna kutilamulira, koma amene anagona pafilingi siteshoni sanali iye.

Ndiye panabwera January 2025, Donald Trump kuimitsa thandizo lakunja mwadzidzidzi nkugwetsa USAID, bungwe la America lopereka thandizo kumayiko ena. Apa ndi pomwe ndinaona mkwiyo wamtundu wina, wosafuna basi yaulere kapena sikipa. Muno anthu oposa 1 miliyoni akumwa ma ARV, ndipo gawo lalikulu la ntchito imeneyi lakhala likuyenda ndi ndalama za PEPFAR, pulogalamu yomwe anayambitsa mu 2003 ndi Bush yemweyo wa ZIDERA. Msuweni wanga wamkazi anazolowera kulandira mabotolo a miyezi ingapo, ulendo umenewo anabwera ndi botolo limodzi, anakhala pamphasa kukhuthulira mapilisi pachitenje nkumawerenga limodzilimodzi milomo ikunjenjemera, mtsikana wa bungwe amene ankamuyendera kunyumba ntchito itamuthera sabata yomweyo. "Achimwene, akatha awa nditani?" Ndinalibe yankho. Anthu omwe ankaikira kumbuyo America mukombi muja anasowa chonena, chifukwa kudula mankhwala a munthu wodwala popanda chenjezo ndi nkhanza, palibe dzina lina, ndipo aliyense anakumbuka mawu achipongwe omwe Trump ananenedwa kuti anayankhula za mayiko a mu Africa mu 2018. Mu August 2025 America inabwera ndi zoti Mmalawi kapena Mzambia wofuna viza yokacheza asiye chikole chofika 15,000 dola, ndalama zomwe mphunzitsi wa ku Lilongwe sangazione kwa zaka. Chikondi chomwe PEPFAR inamanga zaka zoposa 20 chinagwa m'miyezi yochepa, ndipo ana amene aona amayi awo akuwerenga mapilisi chonchi ndi omwe adzakhale nduna ndi akazembe mawa.

Komabe Trump atalengeza msonkho wa 18 peresenti pakatundu wa Zimbabwe mu April 2025, a Mnangagwa anali m'gulu la oyamba kunena kuti achotsa misonkho pakatundu wochokera ku America. Zinandimvetsa chisoni chifukwa zinaonetsa pomwe tili. Tili ngati munthu wolongolola ndi mwini chitsime pomwe ndowa yake ili pamzere. Kuyambira 2009 timagula ndi dola yawo, ija yakuda bii yomata selotepi pakati imene kondakitala amaiyang'ana padzuwa asanailandire, ndalama yathu ya ZiG inabwera mu April 2024 koma landilodi aliyense akufunabe yobiriwira.

Ine sindikuti tisiye kukwiya, ZIDERA ichoke ndithu ndipo ndidzanena zimenezi kulikonse. Koma dziko lino linasonyezapo kuti likhoza kudziimira, msonkho wa Edzi wa 3 peresenti womwe ogwira ntchito olipira msonkho akhala akudulidwa kuyambira 2000 mayiko ena amausirira. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti kuzaumoyo, ndipo bajeti ya kuno inalephera kufika pamenepo kwa zaka zambiri pomwe golide, platinum ndi lithium zikutuluka tsiku ndi tsiku. Phungu wathu akadzabwera kudzatiitanira kumaguba a October, ndidzamufunsa pamaso pa anthu kuti pabajeti yomwe anavomereza, ndalama zogulira ma ARV, zolipira anamwino ndi zobwezera pantchito atsikana oyendera odwala aja ndi zingati, ndipo ndidzapita ndi amalume ndi msuweni wanga kuti akamve yankho lake okha.