Mphodza za m'botolo

Loweruka, kuno ku Chilomoni. Okutobala wa chaka chino sakuseka ndi munthu. Pofika 7 koloko malata anali atayamba kale kulira ndi dzuwa, ndipo pampopi pamangotuluka mpweya. Tadalira madzi a m'ndowa omwe tinatunga dzana, kuchapa ndi kukolopa komwe mochita kupimira.

M'nyumba muno masiku ano tachuluka. Apongozi abwera kuchokera ku Chiradzulu kudzakonza thobwa wa chinkhoswe cha mawa, alamu anga omwe ndi oyembekezera akudikirira masiku awo konkuno, ndiye pali Chisomo, mwana wa achemwali anga, yemwe akuphunzira ku koleji. Chisomoyu ndiye wabweretsa nkhani ya lero. Anaona pa TikTok anthu akumeretsa mbewu m'botolo n'kumadya zaziwisi, naye anatenga mphodza, kuziviika usiku wonse, kuzitsanulira m'botolo la galasi, pakamwa pake n'kumangapo kansalu ndi mphira. Lero zinali zitatulutsa timichira toyera totalika pafupifupi theka la chala, makhungu obiriwira atang'ambika n'kumalendewera, ndipo m'kati mwa botolo munali thukuta lokhalokha. Kunena zoona zimaoneka bwino. Iye amafuna azisakanize ndi tomato ndi anyezi, afinyiremo ndimu, tidye masana zosaphika.

Ndinakana. Ndinagwirapo ntchito m'khitchini ya hotela ina m'tauni muno, ndipo mkulu wa ophika kumeneko sankalola mphukira zaziwisi kufika pa mbale ya mlendo, ngakhale mlendoyo achite kupempha.

"Koma anti, botolo ndinaliwiritsa, ndipo ndimazitsuka m'mawa ndi madzulo," anatero Chisomo, nkhope itagwa.

Ukhondo wake sindikuukayika, mwanayu ndi waudongo kuposa ine. Vuto limabwera ndi mbewu yeniyeniyo. Mphodza isanafike pamsika yadutsa m'munda wothira manyowa, yayanikidwa pabwalo pomwe nkhuku zimapalasa, yagona m'thumba momwe makoswe amayendamo. Tizilombo toyambitsa matenda monga Salmonella ndi E. coli timalowa m'timing'alu ta khungu la mbewu n'kukhala phee kwa miyezi, bola mbewuyo ikhale youma. Ukangoiviika n'kuiika pamalo ofunda ndi a chinyontho kuti imere, wapatsanso tizilomboto zonse zomwe timafuna. Zinthu zikamuyendera, E. coli amachulukana kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Tsono ganizirani botolo lomwe lakhala pawindo masiku angapo ndi kutentha kwa ku Blantyre kuno. Kutsuka kumachotsa tochepa ta pamwamba, koma tambiri timakhala titakakamira pa mizu ndi m'kati mwa mphukira. Choipa china n'chakuti sizinunkha ndipo sizisintha mtundu. Zoola zimadziulula zokha ndi fungo komanso kuterera, koma zokhala ndi tizilomboti zimaoneka zabwinobwino.

Ndinamukumbutsa za ku Germany mu 2011. Anthu pafupifupi 4,000 anadwala, oposa 50 anamwalira, ndipo kwa ambiri matendawa anayamba ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, kenako kwa ena n'kugwira impso. Poyamba akuluakulu analoza chala nkhaka zochokera ku Spain, alimi a kumeneko n'kutaya zokolola zawo pachabe. Patapita masabata m'pamene zinadziwika kuti gwero linali mphukira zochokera pa famu ina ku Lower Saxony, zomera kuchokera ku mbewu ya fenugreek yomwe inagulidwa ku Egypt. Mbewu imeneyi ndi methi yemwe timamuona m'masitolo a amwenye ku Limbe. Mu June chaka chomwecho anthu ena pafupi ndi Bordeaux ku France anadwala matenda omwewo, ndipo awo sanagule mphukira za ku famu ija: zinameretsedwa pamanja, zochepa chabe, kukonzekera mwambo wina wa pamalopo. Mbewu yake ndiyo inali yochokera kumodzi. Apa m'pamene ndimatsutsana ndi onena kuti zomeretsa wekha kunyumba n'zotetezeka kuposa zogula. Ku Japan nako mu 1996 ana asukulu masauzande mumzinda wa Sakai anadwala E. coli, ndipo kafukufuku analoza mphukira za radish zomwe zinali m'chakudya cha kusukulu. Amenewa ndi mayiko omwe madzi satha pampopi ndipo firiji sizima.

Nanga ife? Mphodza za Chisomo zakhala zikutsukidwa ndi madzi a m'ndowa yomwe aliyense amaviikamo kapu, wina atangochoka kokolopa. Sitinaiwale kolera wa 2022 mpaka 2023 yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu January 2023. Ndipo mphukira zikakhwima zimafunika kukhala m'firiji yozizira osapitirira madigiri 5, pomwe yathu imagwira ntchito magetsi akafuna.

Apongozi amamvetsera ali chete pa mkeka, akupeta. Kenako anadula nkhani: "Nanga chimera changachi si chomera? Tamwa thobwa chibadwire, ndani anafa?"

Funso lawo linandisangalatsa, chifukwa kumeretsa mbewu si zachilendo kwa ife ayi, a pa TikTok anatipeza tikuchita kale. Ndinawapempha kuti amufotokozere Chisomo mmene amapangira, ndipo anayamba mwa chizolowezi chawo, mosafulumira. Mawere amawaviika, kuwakhuthulira m'thumba kapena kuwafunditsa masamba a nthochi pamalo amdima mpaka atatulutsa timizu. Akatero amawayanika pa mphasa padzuwa mpaka aume gwaa, kenako kumtondo kapena kuchigayo. Phala la mgaiwa likapsa amalisiya lizizireko, kuti chala chizitha kupirira, ndiye amathiramo chimera. Pakangopita kanthawi phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, poti mbewu yomera imakhala ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga. Limagona usiku, m'mamawa amaliwiritsanso mpaka libwadamuke.

"Mwamva mayi, mwatchula moto kawiri," ndinawauza. Anaseka n'kunena kuti chimera chachiwisi amadya ndi nkhuku.

Anawonjeza china chomwe Chisomo samachidziwa. Akamapanga chimera cha mapira, chikauma amachifikisa m'manja kuti timizu ndi timphukira tithothoke, n'kupeta. Kwawo aliyense amadziwa kuti mbuzi kapena ng'ombe ikadya mapira ang'onoang'ono ongophuka kumene imatha kufa. A sayansi amati mphukira za mapira zimakhala ndi zinthu zomwe zimatulutsa poizoni wa cyanide. Ndiye si mbewu iliyonse yomwe ukaimeretsa yasanduka ndiwo.

Chakumasana ndinakwera minibasi kupita ku Limbe kukagula shuga wa thobwa ndi makapu. Za mitengo ndisanene, mutu ungandipweteke. Ndinadutsa kwa amayi ogulitsa nyemba, ndipo poti nkhani inali idakali m'mutu, ndinayamba kuyang'ana malichero ndi diso lina. Nyemba zina zinali ndi kafumbi koyera. Nditafunsa, mayi wina anayankha mosabisa kuti anathira Actellic kuopa anankafumbwe, ndipo anandilangiza kuti ndikatsuke bwino ndisanaphike. Sanalakwe, umo ndi mmene timasungira mbewu. Koma kutenga zimenezo kukameretsa kuti udye zaziwisi, ine ayi. Kutsidya kwa msewu masitolo ayamba kale kuunjika mbewu yobzala poti mvula yayandikira, ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira. Utotowo ndi chenjezo lakuti mbewuyo ili ndi mankhwala, njopita m'nthaka basi. Wina akhoza kuganiza kuti poti imamera bwino ndiye yoyenera m'botolo, chonde musayerekeze. Nyemba zofiira zija nazo, zomera kapena zosamera, zili ndi poizoni wake wachibadwa yemwe amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba patangopita maola ochepa, ndipo amatha pokhapokha zitawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Soya nayenso safuna kudyedwa wamuwisi.

Pobwerera minibasi inaima nthawi yaitali pa Ginnery Corner kudikira kudzaza, ine thukuta kamukamu, shuga ali pamiyendo.

Madzulo tinagwirizana. Chisomo anasankha mphodza zake, kutaya zomwe zinada kunsonga, ine n'kuwiritsa madzi otsukira. Tinakazinga anyezi ndi tomato, kuthiramo mphodzazo ndi timadzi pang'ono, kuvundikira mpaka nthunzi itatuluka mbali zonse ndipo timichira tija titafota. Iye amadandaula kuti zasiya kukhukhuzika m'kamwa komanso kuti vitamini C wapita ndi moto. Pamenepo akunena zoona, wina amapitadi. Koma vitamini ameneyo tili naye m'mapapaya ndi m'mandimu, ndipo mango ayamba kale kupsa. Kwa mayi woyembekezera ngati alamu anga, nkhalamba ngati apongozi, ana aang'ono kapena munthu yemwe chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, zaziwisi n'zosayenera n'komwe. Kwa oyembekezera palinso Listeria, kachilombo komwe kamatha kufika kwa mwana m'mimba ndipo kamachulukana ngakhale m'firiji. Chisomo akadzakhala pake, ali yekha ndi thupi lake lamphamvu, adzasankha yekha. Pano mphika ndi wanga.

Tinadyera nsima. Alamu anawonjezera kawiri, apongozi anati ndiwo zake n'zabwino koma mchere unachepa. Chisomo akuti sabata yamawa ayesa khobwe, ndipo ndamuuza kuti palibe vuto bola agule wosathira mankhwala, azitsuka ndi madzi owiritsa, ndipo akathere mumphika. Panopa ndikusaka woti ndimutume makala, chifukwa apongozi alamula kuti ndiwadzutse 4 koloko adzawiritse thobwa, ndipo m'thumba mwatsala fumbi lokha.