Mbiri ya moyo wanga, gawo lachisanu ndi chiwiri: Chaka chimene mkuyu sunaphuke

Ndikuthokoza nonse amene munandilembera mutawerenga gawo lapitalo, makamaka mayi a ku Kasungu aja amene anafunsa chifukwa chimene ndinatulira pansi ukulu wa mpingo. Ndachedwa kuyankha chifukwa nkhaniyi imandiuma pakhosi.

Mu February 2002, mwezi umene boma linalengeza kuti dziko lagwa m'tsoka la njala, kwathu tinali titayamba kale kusinja zitsa za nthochi n'kumasakaniza ndi gaga. Mwana wathu wachitatu, yemwe ndinakufotokozerani za ubatizo wake, anatupa miyendo, tsitsi lake linafiira, ndipo usiku wina anatisiya ali kumbuyo kwa amayi ake tili m'njira yopita kuchipatala. Amayi ake anadziwa pamene timanja tinamasuka pakhosi pawo, koma anapitiriza kuyenda osandiuza kanthu mpaka tinafika pamlatho, pomwe anakhala pansi n'kuyamba kumasula chitenje pang'onopang'ono.

Kumanda ndinalira mokweza, ndikufunsa Mulungu kumene anali. Mkulu wa mpingo mnzanga uja, amene sindimutchula dzina ngakhale ndikudziwa kuti ana ake amawerenga zimenezi, anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Abambo, mkulu wa mpingo salira chonchi, mufooketsa nkhosa." Kenako anatsegula Habakuku 3:17, pamene pali mawu akuti "chinkana mkuyu suphuka", nandiuza kuti ndikondwere mwa Yehova monga mneneriyo.

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi sindinaponde m'tchalitchi.

Ena mwa inu mwanena kuti ndinachita kunyada, ndipo mwina mukunena zoona. Koma mu 2008, nditatenga Buku Lopatulika la amayi a kunyumba n'kuwerenga Habakuku kuyambira poyamba, ndinapeza kuti munthu amene akukondwera m'chaputala 3 ndi yemweyo amene m'chaputala 1 akufunsa Yehova kuti adzafuula mpaka liti osamumva. Mulungu sanamutseke pakamwa, anamuyankha kawiri konse, ndipo nyimbo ija inabwera kumapeto, mneneri atadandaula n'kudikira pa nsanja yake. Mnzanga uja anandipatsa mapeto a buku pa tsiku limene ine ndinali ndisanatsirize vesi lachiwiri.

Lamulungu lotsatira ndinapita kutchalitchi, ndinakhala pa benchi lakumbuyo, ndipo iye ndiye anali kutolera chopereka.